Mphunzitsi wa Piyano Wosadziwa Manotsi

Ambiri mwa ife amene timayimba kiyibodi m'matchalitchi a mu Blantyre muno sitinakhalepo m'kalasi ya nyimbo. Tinaphunzirira kumbuyo kwa anzathu. Umayamba ndi kunyamula masipika, kenako amakukhulupirira kuti uzikulunga mawaya, ndiye tsiku lina mwini kiyibodi akachedwa ku chinkhoswe umangomva wina akuti, "Iwe, tagwirizirako apa." Ine ndinadzera njira yomweyo ku Ndirande. Khutu langa linali lakuthwa. Mayi akangoyambitsa nyimbo pamaliro kapena pa chitsitsimutso, asanamalize mzere woyamba ndinkakhala nditapeza kale pamene mawu ake ali. Sol-fa ndinkawerenganso bwinobwino poti ndinakulira m'kwaya, ndipo d r m f s l t zinali m'magazi.

Koma panali zimene a mu mpingo sankazidziwa. Nyimbo zonse ndinkaziyimbira pa kiyi imodzi, ya C, ija imene zala zimangoyenda pa makiyi oyera. Kwaya ikakwera kapena ikatsika, ndinkangodina batani la transpose, makina n'kundikwezera kapena kunditsitsira mawu, zala zanga zili pomwepo. Ndipo manotsi aja olembedwa pa mizere isanu, timadontho takuda tokhala ndi timichira, sindinkawadziwa n'komwe. Kutchalitchi palibe anandifunsapo, pakuti ntchito inkayenda.

Mu 2022 ndinakayimba pa ukwati wina ku Limbe. Mwambo utatha, ndikupinda sitandi ya kiyibodi, kunabwera bambo wina wooneka kuti zake zikuyenda. Anandigwira chanza n'kunena kuti, "Achimwene, manja anuwa ndi odalitsika. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 9, ndipo kunyumba kuli piyano yongokhala. Kodi ana mumaphunzitsa?" Nthawi imeneyo ntchito yolembedwa ndinalibe, mayi a kunyumba anali oyembekezera, lendi inali itaunjikana. Ndalama imene anatchula ya ola limodzi inkaposa imene ndinkapeza ndikasenza zida n'kuyimba tsiku lathunthu. Ndinayankha kuti, "Ee bambo, ndimaphunzitsa." Mumtima ndinkati piyano ndi kiyibodi yokulirapo basi.

Loweruka lotsatira ndinavala malaya a ku tchalitchi n'kupita ku Namiwawa. Mlonda atanditsegulira geti, mayi a m'nyumbamo anandilowetsa pabalaza pamene panali piyano yakuda yoimirira, pamwamba pake atandanda zithunzi za banja. Ndinkadziwa ndithu kuti piyano siyendera magetsi, komabe nditangokhala pa mpando dzanja langa lamanzere linapita lokha m'mwamba, pamalo pamene pamakhala batani la transpose, n'kukapeza thabwa losalala. Makiyi anali 88, oyera 52 ndi akuda 36, pamene kiyibodi ya ku tchalitchi kwathu inali ndi 61. Nditadina, ndinamva kulemera kumene zala zanga zinali zisanakumanepo nako. Pa kiyibodi, pansi pa kiyi pamangokhala kasipuling'i. M'piyano kiyi iliyonse imanyamula kanyundo kokutidwa ndi nsalu yaubweya, kamene kamakamenya nsambo zachitsulo n'kubwerera. Ukadina mwamphamvu mawu amatuluka aakulu, ukadina mofatsa amatuluka aang'ono. Nzeru imeneyi ndi imene Bartolomeo Cristofori anatulukira ku Florence cha m'ma 1700, ndipo ndiyo imapangitsa kuti piyano iulule chilichonse chimene chala chako chachita. Chala changa chachikulu chinkabangula, chaching'ono chinkangonong'ona. Ng'oma ndi besi za makina, zimene zinkandiphimbira zolakwa kutchalitchi, panalibe.

Mayi aja anandipempha kuti ndiyimbeko kanthu. Ndinayimba nyimbo ina ya m'buku la tchalitchi, pa C pomwepo, pang'onopang'ono. Iwo anayamba kutsatira chapansipansi, ndipo nditamaliza ndinaona akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Anati mayi awo omwalira ankaikonda nyimbo imeneyo. Kuyambira pomwepo m'nyumbamo dzina langa linali Aphunzitsi.

Bambo aja anatuluka kuchipinda atanyamula mabuku. Anati anatumiza ndi achemwali awo a ku Johannesburg, amene ana awo amalemba mayeso a piyano a bungwe la ku London lotchedwa ABRSM, ndipo nawonso ankalakalaka mwana wawo atadzafika pamenepo. Ndinatsegula buku loyamba. Mizere isanu m'mwamba, mizere isanu m'munsi, timadontho tili mbwee. Mutu unaima. Apa ndi pamene ndikanati, "Bambo, izi ine sindizidziwa, koma zimene ndimadziwa ndi izi." Mwina akanandilembabe ntchito, mwina ayi. Ndinatseka bukulo bwinobwino n'kunena kuti, "Mabuku ndi abwino awa, koma mwana ayambe kaye ndi khutu." Mawu amenewa aphunzitsi enieni amawanenanso, ndipo ndi oona. Ine ndinawanena kuti ndibisalemo.

Njira imene ndinapeza inali yotere. Ndinkajambula dzina la nyimbo ya m'buku pa foni, usiku n'kugula bandulo, n'kuifunafuna pa YouTube. Ndinkaimvetsera mobwerezabwereza mpaka italowa, kenako n'kuitsitsira pa C, pamene zala zanga zinali kwawo. Za dzanja lamanzere sindinkazimva bwino pa kafoni kanga, choncho ndinkangoikapo makodi a ku tchalitchi. Loweruka ndinkakhala pambali pa mwana uja n'kumuuza kuti, "Ona zala zangazi, nawe uchite chimodzimodzi." Mwanayo anali ndi mphatso, ndipo sindikunena izi pomukometsera. Ukamuyimbira kamodzi, ulendo wachiwiri amakhala atagwira. Ankayimbanso ndi pakamwa motsatira, mawu osaphonya.

Pamasamba oyamba a buku la oyamba kumene panali manambala pamwamba pa timadontho: 1, 2, 3, 4, 5. Nditawaona ndinakondwa, poti ife oyimba m'matchalitchi timalankhulana ndi manambala. Wina akakweza chala chimodzi, zinayi kapena zisanu, umadziwa kodi imene ikubwera. Ndinamuuza mwana kuti 1 ndi do, 2 ndi re, mpaka 5 amene ndi so. Tinayesa, ndipo nyimbo inatuluka ndendende mmene ndinaimvera pa foni. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda m'mwamba, ndikuti manotsi aja ndawathyola. Sindinadziwe kuti manambalawo ndi a zala: chala chachikulu ndi 1, chaching'ono ndi 5. Zinangochitika kuti m'nyimbo zoyambirira dzanja lamanja limakhala ndi chala chachikulu pa C ndipo chaching'ono pa G, ndiye nambala ya chala ndi ya sol-fa zimagwera pamodzi. Titafika pa dzanja lamanzere zinthu zinatembenuka, chifukwa kumeneko chala chaching'ono, cha 5, ndicho chimakhala pa C. Mwana anatsatira lamulo langa, nyimbo n'kutuluka chadodolido. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana tsambalo kwa kanthawi n'kumuuza kuti osindikiza analakwitsa. Anatenga pensulo n'kulemba kamtanda pakona, monga amachitira aphunzitsi ake a kusukulu.

Tsiku lina analoza chizindikiro chimene chinali kumayambiriro kwa mzere n'kufunsa kuti, "Ankolo, kahashtag aka n'kachiyani?" Ndinati, "Tidzafika kumeneko, usathamange." Anafunsanso Loweruka lina, ndinayankha chimodzimodzi. Kenako anasiya kufunsa.

Chimene chimandisowetsa tulo mpaka lero si mabodza amenewa ayi. Pofuna kuti makolo asakayike, ndinamuphunzitsa mwanayo kuyang'ana m'buku. Ndinkatsegula tsamba la nyimbo imene waloweza, n'kumuuza kuti maso azikhala pamenepo, ndipo akafika pamalo akutiakuti atembenuze tsamba. Mayi ake akamadutsa kupita kukhitchini ankaona mwana wakhala mowongoka, maso ali m'buku, zala zikuyenda. Mwanayo sankadziwa kuti tikunamiza munthu. Iye ankaganiza kuti kuwerenga nyimbo n'kumeneko: kuyang'ana tsamba uku ukukumbukira zimene Ankolo anayimba.

Pa phwando lokumbukira tsiku lake lobadwa anayimba Minuet in G, kanyimbo kaja ka m'kabuku ka Anna Magdalena Bach ka 1725, kamene akatswiri anadzapeza kuti anapeka ndi Christian Petzold. Anthu anaomba m'manja, ena kujambula pa mafoni. Madzulo omwewo makolo ena anatenga nambala yanga. Posakhalitsa ndinali ndi ana ku Sunnyside ndi ku Nyambadwe, ndipo Loweruka ndinkangokhalira pa kabaza. Panalinso namwino wina wachikulire amene ankangofuna kumayimba nyimbo zauzimu akaweruka kuntchito. Ameneyo ndiye ndinamuthandiza zenizeni, chifukwa chimene ankafuna ndi chimene ndinali nacho.

Mu March 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula yosalekeza mu Blantyre. Matope otsika m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe, anthu ambirimbiri anamwalira, ndipo masiku amenewo kiyibodi yanga inkangoyendera maliro. Zinthu zitakhazikika pang'ono n'kubwerera ku Namiwawa, ndinapeza piyano yasintha mawu. Makiyi ena ankamata, ukadina osabwerera msanga, ndipo ena ankalira monjenjemera. Piyano mbali yaikulu ndi mtengo. Thabwa lalikulu lakumbuyo, limene limakuza mawu, likamwa chinyontho limafufuma n'kukoka nsambo, ndipo kukauma limabwerera. N'chifukwa chake imafuna kutchunidwa pafupipafupi, makamaka kuno kumene dzinja ndi chilimwe zimasiyana kwambiri. Izi ndinadzazidziwa pambuyo pake. Tsikulo mayi aja anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mungadziwe munthu wokonza?" Ine, amene ndinatchunapo magitala ambiri, ndinati, "Mayi, musataye ndalama. Ndikonza ndine."

Ndinabwera ndi sipanala yaing'ono yobwereka kwa mnyamata wokonza njinga, ndi pulogalamu ya pa foni yoyezera mawu. Tinachotsa zithunzi pamwamba, ndinakweza chivundikiro, n'kuchotsa thabwa lakutsogolo. M'katimo ndinaona nsambo zili ndandanda, zoposa 200, iliyonse itakulungidwa pa chikhomo chake chachitsulo. Ndinayambira pa A wa pakati, amene amayenera kukhala pa 440. Foni inaonetsa kuti sali pamalo pake. Ndinatsata nsambo ndi chala mpaka pa chikhomo, n'kukoleka sipanala. Chikhomocho chinali cholimba zedi. Ndinakanikiza, chinayenda pang'ono, ndinadina kiyi. Singano ya pa foni sinasunthe. Ndinapotozanso, ndinadina, singano ili pomwepo. Mwana uja anali ataima pambali panga atandigwirira foni, mayi ake ali pakhomo la khitchini. Ndinaganiza kuti mwina piyano imafuna mphamvu zambiri kuposa gitala, ndiye ndinagwira sipanala ndi manja awiri.

Kunamveka phokoso lakuthwa, nsambo n'kuduka, nsonga yake n'kukwapula thabwa pafupi ndi nkhope ya mwanayo. Anakuwa n'kugwetsa foni. Mayi ake anathamanga n'kumukumbatira, kumuyang'ana m'maso ndi m'masaya ngati wavulala. Mwa chisomo cha Mulungu sanakhudzidwe. Ine ndinangoti kakasi, sipanala ili m'manja, miyendo ikunjenjemera.

Otchuna piyano m'dziko muno ndi ochepa, ndipo panapita nthawi kuti bambo aja apeze mmodzi. Anali mkulu wa imvi, wosalankhulalankhula. Ndinapemphedwa kuti ndikhalepo. Atayang'ana m'kati anandifunsa kuti, "Mwana wanga, unatseka nsambo zinazo?" Ndinati sindikumva chimene akunena. Anatulutsa timphira tosongoka m'chikwama n'kundionetsa. Makiyi ambiri a piyano ali ndi nsambo zitatu zolira mawu amodzi, ndipo ku mawu a besi kumakhala ziwiri kapena imodzi. Wotchuna amatseka ziwiri ndi timphira kuti amve imodzi yokha. Komanso zikhomo zimakhala zothinana, moti munthu wosazolowera amakoleka pa chikhomo cha kiyi yoyandikana nayo. Ine ndinkamvetsera A uku ndikumanga nsambo ya kiyi ina. Anandionetsanso chitsulo chake chotchunira, chokhala ndi chigwiriro chachitali ndi kamwa yolowa bwino pa chikhomo, kenako n'kuloza pamene sipanala yanga inatafuna m'mbali mwa chikhomocho. Anati nsambo zonse pamodzi zimakoka ndi mphamvu yokwana matani 18 kapena kuposerapo, ndipo nsambo yoduka ikhoza kuphulitsa diso.

Nsambo ina anachita kuitanitsa ku South Africa. Ndinapempha kuti azidula pa malipiro anga, koma bambo aja anakana. Anati, "Aphunzitsi, munafuna kuthandiza. Ntchito yanu ndi kuphunzitsa, ndipo imeneyo mukuigwira bwino." Akanandikalipira, mwina pakamwa pakanatseguka n'kuulula zinazo. Chifundo chawocho chinanditseka pakamwa.

Pa nthawiyi n'kuti mwana wathu atabadwa. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 aliwonse, mitengo ya sopo, shuga ndi mafuta ophikira n'kuuluka. Ndalama ya piyano ndiyo inkagula chakudya pakhomo pathu. Usiku wina ndinawauza mayi a kunyumba zonse. Iwo anati, "Bambo a mwana, pitani mukanene nokha asanakugwireni." Ndinavomera, koma Loweruka lililonse ndikafika pa geti paja mawu ankathawa.

Chaka chotsatira bambo aja anati nthawi yakwana yoti mwana ayese giredi yoyamba. Anali atafufuza zonse. Bungwe lija la ABRSM linayamba mu 1889, ndipo pa mayeso amene mwana amakaonekera pamaso pa woyesa malikisi onse ndi 150. Nyimbo zitatu zokonzekera zimatenga 30 iliyonse, masikelo 21, kuyimba tsamba limene sunalionepo 21, ndipo mayeso a khutu 18. Kuti ukhoze pamafunika 100. Anandiwerengera zonsezi pa foni mosangalala, ine ndikungogwedeza mutu. Kenako anati asanalipire ndalama ya mayeso, imene si yochepa, apempha mayi wina wachikulire, amene anaphunzitsa nyimbo kwa zaka zambiri ndipo ankayimba limba pa mpingo wina, kuti adzamuyese kaye mwanayo.

Mayiwo anabwera masana a Lamlungu atanyamula chikwama cha nsalu. Anandipatsa moni mwaulemu n'kukhala pafupi ndi piyano. Anayamba ndi khutu. Anayimba kanyimbo n'kumuuza mwana kuti aombe m'manja motsatira kugunda kwake, mwana anaomba bwino. Anayimba timizere tatifupi kuti abwereze ndi pakamwa, anabwereza osaphonya. Anasintha noti imodzi mwadala, mwana anaigwira nthawi yomweyo. Mayiwo anamwetulira n'kunena kuti, "Khutu ili ndi la golide." Bambo ake anandiyang'ana monyadira.

Kenako anamuuza kuti ayimbe nyimbo imene amaikonda. Mwana anatsegula buku pa Minuet in G, anakhala mowongoka, maso m'buku, n'kuyamba. Mayi aja anayang'ana tsamba, anayang'ana zala za mwana, anayang'ananso tsamba. Sanamudule. Atamaliza anati, "Wayimba mokoma, mwana wanga. Tandilozera pamene unathera." Mwana analoza pansi pa tsamba. "Nanga noti iyi dzina lake ndi chiyani?" Mwana anakhala chete. "Nanga chizindikiro ichi?" Anali kuloza kahashtag kaja. Mwana anati, "Ankolo anati tidzafika kumeneko." Mayiwo anafotokoza modekha kuti imeneyo ndi shapu, ndipo ikutanthauza kuti F aliyense m'nyimboyo ayimbidwe pa kiyi yakuda, chifukwa nyimboyo ili pa G. Mwanayo anali atayimba yonse pa C, osakhudza kiyi yakuda pamene ikufunika, dzanja lamanzere likumenya makodi pamene wopeka analemba mzere wakewake woyenda payokha.

Anatulutsa kapepala m'chikwama, kokhala ndi timizere tochepa kwambiri, n'kukaika patsogolo pake. Anati pa mayeso amapereka theka la mphindi kuti uyang'ane, kenako uyimbe. Mwana anayang'ana kapepalako. Anaika manja pa makiyi, anawachotsa, anawaikanso. Kenako anatembenukira kwa ine, kudikira kuti ndimuyimbire kaye monga mwa masiku onse. Nditangoyang'ana pansi, anayamba kulira, kulira kopanda mawu, misozi ikugwera pa makiyi. Anati, "Ankolo, si munati ndizingoyang'ana m'buku?"

Mayi aja anamusisita kumsana n'kumuuza kuti apite akamwe madzi. Atatuluka, anakankhira kapepala kaja kumbali yanga n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tatiyimbireni inuyo." Sanalankhule monyoza, ankangofuna kudziwa pamene vuto lili. Ndinaimirira, ndinayang'ana bambo aja, n'kunena mawu amene ndinayenera kunena tsiku loyamba: "Bambo, ine manotsi sinditha kuwerenga." Ndinafotokoza za foni, za manambala a zala, za kamtanda ka pensulo, za kutembenuza tsamba. Palibe anandidula.

Bambowo anakhala nthawi yaitali atagwira chibwano. Pomaliza anati, "Achimwene, ndalama si nkhani. Mwandibera nthawi ya mwana wanga, ndipo mwamuchititsa manyazi pa mlandu umene si wake." Sanatchulenso dzina la Aphunzitsi. Mayi a mwanayo sananene kanthu, anangondiperekeza mpaka pakhonde monga ankachitira nthawi zonse, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mawu.

Sabata yomweyo ndinayendera makolo a ana ena aja, khomo ndi khomo, kukanena ndekha. Ena anandithokoza chifukwa chobwera koma anati basi. Bambo wina anandibweza pa geti pomwepo n'kufuna kuti ndibweze ndalama zake, ndipo ndinabweza pang'onopang'ono. Namwino uja yekha ndiye anati, "Ine za mabuku sindinakufunseni. Mubwere Lachisanu." Pakhomo pathu zinthu zinavuta kwambiri miyezi imeneyo.

Chimene sindinayembekezere chinali foni yochokera kwa mayi achikulire aja. Anati ndipite kwawo. Nditafika anandikhazika pa piyano yawo n'kundipatsa buku la ana oyamba kumene. Ndinati ndilibe cholipira. Anati kwaya yawo ikusowa woyimbira pa maphunziro a pakati pa sabata, ndiye tisinthana. Atamva kuti sol-fa ndimawerenga, anaseka mokondwa n'kunena kuti, "Ndiye theka la ulendo wayenda kale, mwana wanga." Anandifotokozera kuti sol-fa imene timayimba m'makwaya athu anaikonza ndi mbusa wa ku England, John Curwen, m'zaka za m'ma 1840, potengera njira ya Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo kuno inabwera ndi amishoni. Mu sol-fa do amasamuka, amakhala paliponse pamene nyimbo yakhazikika. Pa mizere isanu noti iliyonse ili ndi malo ake osasuntha. Ukangodziwa pamene do wakhala pa mizereyo, zotsalazo ndi masitepe omwe aja: mzere, mpata, mzere, mpata. Shapu kapena fulati za kumayambiriro ndizo zimakuuza pamene do ali.

M'masabata ochepa ndinayamba kuwerenga timizere tosavuta, mochedwa, ndikuwerenga ndi chala. Ndikabwerera kunyumba pa minibasi mtima unkawawa, poona kuti chinthu chimene ndinachithawa nthawi yonseyo, n'kunamizira osindikiza mabuku, chinali chotheka kuchiphunzira ndikanangofunsa. Zovuta zenizeni zinali m'zala. Ndinazolowera kuyimba ndi zala zitatu, mkono uli pansi, ndipo kulowetsa chala chachikulu pansi pa zinzake poyenda pa sikelo kunanditengera nthawi yaitali. Mayiwo anandiletsanso kukhudza batani la transpose kutchalitchi. Lamlungu loyamba kwaya itayamba nyimbo pa A fulati, ndinatuluka thukuta mpaka malaya kunyowa, koma ndinafika kumapeto.

Kuyamba ndi khutu sikolakwika, ndipo pamenepa sindisintha maganizo. Mwana amayamba walankhula asanadziwe kuwerenga, ndipo ku Japan Shinichi Suzuki anamanga njira yonse yophunzitsira ana nyimbo pa mfundo imeneyi. Ndaonapo ana ophunzira m'mabuku okhaokha amene sangathe kuperekeza nyimbo yapamaliro buku likatsekedwa. Ife a m'matchalitchi tili ndi chuma chimene ambiri amachisirira. Koma mphunzitsi amene akuyamba ndi khutu amadziwa kumene akupita ndi mwanayo, ndipo akafunsidwa za chizindikiro amayankha.

Mwana uja anapita kwa mayi omwewo. Iwo anandiuza mosabisa kuti kumuphunzitsa kunali kovuta kuposa kuphunzitsa mwana amene sanakhudzepo piyano. Khutu lake linkathamanga kuposa maso, moti akangomva chiyambi cha nyimbo ankasiya kuwerenga n'kuyamba kulosera. Zala zinali zitatengera zanga, ndipo ankadandaula kuti mkono ukuwawa. Choposa zonse, ankaopa tsamba latsopano. Kwa miyezi ingapo anakaniratu kukhala pa piyano. Pano ndikumva kuti anayambiranso, ndipo maphunziro athu amawaika masiku osiyana kuti tisakumane, monga anapemphera bambo ake. Ndinamulembera kalata yopepesa n'kuipereka kwa makolo ake. Ngati anamupatsa, ndi iwo akudziwa.

Ine ndikuphunzirabe. Ndili ndi ophunzira ochepa, akuluakulu ofuna nyimbo za ku tchalitchi ndi anyamata a kwaya, ndipo aliyense ndimamuuza tsiku loyamba pamene nzeru zanga zalekezera. Wofuna mayeso ndimamutumiza kwa ena. Piyano ya munthu sindiitsegulanso m'kati.

Kwa inu makolo amene mwagulira mwana piyano kapena kiyibodi ndipo mukufuna mphunzitsi wobwera pakhomo: kumva munthu akuyimba mokoma pa ukwati sikokwanira. Muuzeni chimene mukufuna, kaya ndi nyimbo za ku tchalitchi kaya ndi mayeso. Ngati ndi mayeso, tengani tsamba la nyimbo limene sanalionepo, muliike patsogolo pake, mumupemphe kuti ayimbe inu muli pomwepo. Muchite zimenezi musanakambirane za mtengo.